Ndinkasuta mobisa, mwana ali m'mimba

Ndine mwana wa mlimi wa fodya. Bambo anga amalima burley ku Dowa, ndipo fizi yanga yonse, kuyambira folomu 1 mpaka kukoleji, inachokera m'chigafa. Kusoka fodya ndimadziwa, kusankha magiredi ndimadziwa, fungo la belo ikamatuluka mu jeke ndingalizindikire ngakhale mutandimanga m'maso. Koma kwathu fodya anali wogulitsa basi. Kupatula agogo anga amene ankasuta wamphuno, palibe mkazi m'banja mwathu amene anaikapo ndudu pakamwa. Woyamba ndinali ine, ndipo kwa zaka zambiri palibe wachibale anadziwa.

Ndinayamba nditapeza ntchito ku City Centre. Lachisanu tikaweruka, anzanga ankanditengera ku Bwandilo, kumene ndinalawa shisha. Inkanunkhira ngati maapozi, ndiye sindinkaiwerengera kuti ndi fodya. Ndudu zinabwera pambuyo pake, poyamba yopempha kwa mnzanga, kenako yogula ndekha. Pomwe ndinkakwatiwa n'kuti thupi langa litazolowera kale. Ndinauza bambo a kunyumba kuti zimenezo zinali zachitsikana, ndinasiya. Anandikhulupirira.

Tinkachita lendi nyumba ku Area 10. Amene amakhala madera amenewa akudziwa mmene mipanda yake ilili. Kumudzi kapena ku Kawale, ukayatsa ndudu kuseri kwa nyumba, pofika madzulo mtondo wonse wadziwa. Kuno munthu ukhoza kulira, kumenyedwa kapena kudwala kuseri kwa njerwa, woyandikana naye osamva kanthu. Ine ndinkasutira kuseri kwa thanki ya madzi, abambo akapita kuntchito kapena akagona. M'galimoto ndinkasunga chitenje chofunda kumutu kuti tsitsi lisagwire fungo, maswiti a minti ndi kabotolo ka pafyumu. Kugula sindinkagula pafupi ndi ofesi ayi. Ndinkatsetsereka mpaka ku Old Town, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kukagula imodzi-imodzi kwa anyamata a mu Malangalanga, kumene ndinkadziwa kuti wa kutchalitchi kapena wa kuntchito sangandione. Masiku ena ndinkatuma mlonda wathu, bambo wachikulire, n'kumanama kuti ndi za mlendo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse, osuta ndudu safika ndi m'modzi yemwe, pomwe amuna amapitirira 10. Ndimakhulupirira kuti tilidi ochepa. Koma ndikudziwanso kuti akadafika pageti pathu ndi mapepala awo, ine ndikadayankha kuti sindisuta. Mwamuna akamasuta anthu amati akuwononga mapapo ake. Mkazi akasuta amamutchula dzina lija la akazi oyendayenda. Ndiye timabisa, ndipo munthu wobisa matenda ndi wovuta kumuthandiza.

Ndinazindikira kuti ndili ndi pathupi mu Epulo 2023, nthawi imene malole a mabelo amakhala ali mdipiti kulowera ku Kanengo. Tinasangalala kwambiri, chifukwa tinali titadikira. Usiku womwewo ndinalumbira kuti sindidzasutanso. Mseru wa m'mawa unandithandiza, koma ikamakwana masana chilakolako chinkabwera ndithu. Ndinayamba kudzinyengerera kuti ndingochepetsa, theka la ndudu silingafike kwa mwana. Ndikamachoka kuntchito ndinkaimika galimoto pamthunzi wa mitengo ya kufupi ndi Sanctuary, pakati pa City Centre ndi Old Town, n'kukoka kangapo, dzanja lina lili pamimba, misozi ikutsika. Ndinkapempha Mulungu kuti andikhululukire utsi ukutuluka m'mphuno.

Kusikelo ndinayamba msanga. Anandiyeza kulemera, kuthamanga kwa magazi, kachilombo, anandipatsa mankhwala owonjezera magazi ndi neti, pambuyo pake Fansidar woteteza ku malungo. Mimba itayamba kuoneka, azakhali anabwera kuchokera kumudzi ndi amayi ena awiri kudzandilanga monga mwa mwambo wa chisamba. Anakhala nane tsiku lonse m'chipinda, kundiuza zakudya, kagonedwe, kavalidwe, za m'banja, zina zoona, zina zachikale. Za fodya palibe anatchulapo. Akadatchuliranji? Mwana wawo, wophunzira, wa Chigwirizano cha amayi, angasute? Ndinkafuna wina andifunse, ndipo ndinkaopa kuti wina andifunsa.

Amene anandifunsa anali namwino wachikulire, pachipatala chimene ndinkayendera sikelo, mwezi wachinayi ukupita kumapeto. Ndinagona pabedi, iye anaika kachipangizo kake pamimba n'kuwerama kumvetsera mtima wa mwana. Anakhala choweramira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atadzuka anatseka chitseko bwinobwino, nayamba kulemba m'buku langa osandiyang'ana.

"Mayi, kunyumba kwanu alipo wosuta?"

Anandisiyira pothawira. Ndikadatha kunena kuti ndi abambo, kapena mlonda, iye akadagwedeza mutu n'kundilangiza kuti azisutira kutali. Pakamwa panga panauma.

"Ndine," ndinatero.

Anaika cholembera pansi. Sanadzidzimuke, sanandinyoze, sanaitane mnzake kuti adzaone zachilendo. Anangoti, "Mwachita bwino kunena, mwananga. Khalani tsonga tikambirane."

Zimene anandifotokozera ndikuzilemba pano chifukwa ine, ndi sukulu yanga yonse, sindinkazidziwa bwino. Ndinkaganiza kuti utsi umathera m'mapapo mwanga. Koma nicotine amalowa m'magazi, amafinya mitsempha, kuphatikizapo imene imapititsa magazi kunsengwa, ndiye chakudya ndi mpweya zimene zimadutsa mumchombo zimachepa. Mu utsiwo mulinso carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula yamoto m'nyumba yotseka nthawi yozizira. Umakakamira m'magazi pamalo pamene payenera kukhala mpweya wabwino. Mayi akakoka ndudu, mwana amakhala akuperewedwa mpweya, mtima wake n'kumathamanga. Zotsatira zake ndi kupita padera, mtayo, nsengwa kumatuka nthawi isanakwane, mwana kubadwa masiku asanafike, kapena kubadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Ananenanso kuti kuchepetsa sikokwanira, palibe mlingo wa fodya umene uli wabwino kwa mwana. Kusiya miyezi yoyambirira ndiye kothandiza koposa, koma tsiku lililonse mayi angasiye, mwana amapindula, chifukwa pakangopita tsiku limodzi carbon monoxide uja amakhala atatsika kale m'magazi.

Akulankhula, ine maganizo anga anali kuchipatala cha Bwaila, kumene ndinakazondako msuweni wanga chaka chapitacho. Ndinaona amayi a kangaroo, aliyense ndi kamwana kake pachifuwa, atakamanga ndi chitenje, kachipewa koluka kakukulira kamutu. Amayi amenewo sankasuta. Ambiri zinangowagwera, mwina malungo, mwina kuchepa kwa magazi, mwina kuthamanga kwa magazi. Lipoti lina la mu 2012 limene bungwe la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe anzake linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa masiku asanakwane. Anzanga akulimbana ndi zimene sanasankhe, ine vuto langa ndinkakaligula ndekha ndi ndalama ku Malangalanga.

Namwinoyo anandipatsa ntchito imodzi yokha tsikulo: kukauza bambo a kunyumba. Imeneyo ndiyo inali yolemera kuposa kusiya kumene. Ndinawauza titadya, ndinatulutsa chitenje, maswiti ndi ndudu zotsala n'kuziika patebulo. Anaziyang'ana, anadzuka, anakakhala pakhonde mpaka usiku. Chinawapweteka kwambiri chinali bodza la zaka zonsezo. Kwa masiku angapo tinkangopatsana moni. Kenako m'mawa wina anatenga makiyi a galimoto yanga nati, "Amayi, kuyambira lero ndizikusiyani kuntchito ndi kudzakutengani." Sichinali chilango. Ankadziwa kuti njira ija ya pamitengo ndiyo inali msampha wanga.

Ndinapitanso kwa mlonda. "Madala, ndudu zija sizinali za mlendo ayi. Zinali zanga. Ndikadzakutumaninso, muzikana, ngakhale nditakwiya."

Anavula chipewa. "Mayi, ine ndinkadziwa. Koma wantchito anganene chiyani? Mtima unkandiwawa pamene ndinaona kuti muli ndi pakati." Iwo eni ankasuta chingambwe pageti usiku. Kuyambira tsiku limenelo ankapita kukasutira kumsewu, kutali ndi zenera lathu, popanda wowauza.

Sabata yoyamba inali yoopsa. Mutu unkandiwawa ngati wamangidwa ndi waya, tulo tinathawa, m'mimba munauma, ndinkakalipira aliyense popanda chifukwa. Kuofesi ndinkadzitsekera m'chimbudzi kulira, anzanga n'kumati ndi zamimba. Chimene chinandigwira dzanja ndi mawu a namwino uja akuti chilakolako chimabwera n'kupita, sichikhala kupitirira mphindi zochepa ngati suchimvera. Ndiye ndinaphunzira kudikira. Chikabwera, ndinkamwa madzi ozizira pang'onopang'ono, kutuluka kukazungulira nyumba ya ofesi, kapena kuimbira foni abambo, ngakhale popanda chonena. Loweruka tinkapita kumsika waukulu wa ku Old Town kukagula bwemba, malambe ndi nzimbe, ndipo pakamwa panga sipankakhala popanda kanthu. Amayi ogulitsa ankaseka, amati mwanayu adzakhala wokonda zowawasa. Tiyi wa masana ndinasiya kaye, chifukwa ankandiitanira ndudu. Anzanga a Lachisanu ndinawauza kuti sindibweranso. Ena anamvetsa, ena anazimiririka.

Mbandakucha, chilakolako chikandidzutsa, ndinkagwada. Mapemphero anga anali aafupi, ongopempha kuti andifikitse kokha m'mawa. Ndinaululanso kwa mayi m'modzi wa Chigwirizano, wamasiye, wosalankhulalankhula. Sanakanene kugulu. Ankangonditumizira uthenga madzulo alionse wofunsa kuti tsiku layenda bwanji.

Pofika sabata yachinayi thupi linayamba kukhala pansi. Chakudya chinayamba kukoma, fungo la dothi ndi la nsima ndinkalimva patali. Koma ndinagwapo. Kunali kumaliro a mnzanga wa kusukulu, usiku kukuzizira, wina anayatsa kuseri kwa magalimoto, ndinapempha. Ndinafika pakati n'kuitaya. Kale ndikadabisa, ndipo kubisako kukadabala ina. Ulendo uno ndinauza abambo usiku womwewo, ndi namwino pasikelo yotsatira. Iye anati kugwa kamodzi sikufafaniza masabata onse aja. Anandichenjezanso kuti ndisathawire ku shisha, ku vape kapena ku fodya wamphuno poganiza kuti n'zopepuka. Zonsezo zimatha kupereka nicotine, ndipo shisha ili ndi makala amene amawonjezera carbon monoxide. Mankhwala othandiza kusiya fodya, anati, mayi woyembekezera asamwe kapena kumata popanda kuonana ndi dokotala.

Mu Ogasiti 2023 tinamva kuti Malawi walowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, limene maiko ambiri anali atalowa kalekale. Bambo anga anandiimbira foni ali ndi nkhawa, kufunsa ngati ndiye kuti boma liletsa kulima. Ndinawatonthoza mmene ndikanathera. Ine sindingatemberere fodya wa bambo anga. Anandiphunzitsa sukulu, ndipo dziko lino limapezabe gawo lalikulu la ndalama zakunja kuchokera ku mbewu imeneyi. Koma sindinganamenso kuti ndi tsamba wamba. Nditawaululira amayi anga, patapita nthawi, anandiuza kuti ali ndi mimba yanga ankathyola fodya m'mawa mame asanaume, ndipo kawirikawiri ankachita chizungulire n'kusanza, n'kumati ndi malungo. Lero tikudziwa kuti nicotine amalowa pakhungu munthu akagwira masamba onyowa. Amayi oyembekezera a m'minda ya ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji amakumana ndi poizoni yemweyo osayatsa ndudu ndi imodzi yomwe, ndipo iwo sangangoti ndasiya, chifukwa ndiye chakudya cha pakhomo. Zimenezi zimandivutitsa mumtima mpaka lero.

Mwana wathu wamkazi anabadwa mu Disembala, mvula itayamba, masiku ake atakwana. Atamuika pasikelo, ndinadzutsa mutu ndisanafunse n'komwe ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Anapitirira makilogalamu 2.5 aja, ndipo analira mokweza. Sindinena kuti ndi nzeru zanga. Alipo amayi osamala chilichonse amene anabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Ine ndinachitiridwa chifundo, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene anaika namwino uja panjira yanga.

Nkhondo sinathere pamenepo. Amayi ambiri amene amasiya ali ndi pathupi amayambiranso akachira, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake. Usiku mwana akulira, abambo ali mtulo, mtima unkandiuza kuti tsopano thupi ndi lako wekha. Koma nicotine amadutsa mumkaka wa m'mawere, ndipo utsi wa m'nyumba umawonjezera chifuwa, chibayo ndi imfa zadzidzidzi za makanda ali mtulo. Ndinkatenga foni n'kulembera mayi wa Chigwirizano uja, ngakhale pakati pa usiku. Mpaka lero sindinasutenso. Chilakolako chimabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka ndikakhumudwa, ndipo ndimachitchula dzina kwa amene ali pafupi.

Posachedwapa kuofesi kwabwera mtsikana watsopano, wangokwatiwa kumene. Tsiku lina tinakwera limodzi chikepe, ndinamva minti ndi pafyumu, pansi pake fungo lija. Malaya ake ayamba kumuthina m'chiuno. Ndinadikira mpaka tili awiri kukhitchini, ndinamuuza nkhani yangayi, osamufunsa kanthu. Anatsuka kapu yake nthawi yaitali. Kenako anati, "Achemwali, mungandiperekeze kusikelo Lachinayi?" Ndapempha kale kwa abwana kuti m'mawa wa tsikulo ndidzafika mochedwa.