Simba anabwerera kwawo, nanga pambuyo pake?

Abale anga owerenga tsamba lino, mwazolowera kundimva pa wailesi ndikuwerenga mauthenga a maliro, mitengo ya feteleza ndi moni wochokera kwa ana athu amene ali kutali. Lero mundilole ndikambe za makatuni, zidole zija zoyenda pa kanema zimene anzathu a m'tauni amati bonecos ndipo ambirife timati nza ana. Musafulumire kutembenuza tsamba, pakuti nkhani ya zidoleyi yandiperekeza mpaka pa bwalo la banja lathu, ndipo mwina ifikanso pa lanu.

Ine ndinabadwira ku msasa wa othawa nkhondo m'boma la Dedza m'chaka cha 1989. Makolo anga anali m'gulu la anthu oposa 1,000,000 amene anawolokera ku Malawi pothawa mfuti. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, bambo anayamba abwera okha kudzaona ngati pamudzi pathu ku Angonia panali potsala, ndipo tonse tinabwerera mu 1994. M'chaka chomwecho, kutali ku America, kampani ya Disney inatulutsa kanema wa The Lion King, amene m'Chipwitikizi amatchedwa O Rei Leão. Ife sitinadziwe kanthu za izo, tinali kalikiliki kufolera nyumba ndi kuzula zitsa m'munda umene unagonera zaka zambiri.

Kanemayu ndinadzamuonera mu 1999 ndili ndi zaka 10, m'kanyumba ka vidiyo pa msika wa Ulongwe. Jenereta inali kulira kuseri, mabenchi anali a mapulanga osapala, ndipo ndalama yolowera ndinaipeza ponyamulira mayi wina thumba la mbatata ya kachewere. Tepi inachokera ku Malawi ndipo inali ya Chingerezi, choncho mnyamata wina amene anaphunzira sukulu ku msasa anaima pambali pa wailesi yakanema ndi kumatimasulira, akuwonjezeramo zake mwa apo ndi apo.

Kwa amene simunamuone, nkhani yake ndi iyi. Mufasa ndi mkango, mfumu ya nyama zonse. Mng'ono wake Scar akusirira mpando, ndiye apangana ndi afisi kuti abalalitse nyumbu m'chigwa mmene muli Simba, mwana wa mfumu. Mufasa apulumutsa mwanayo, koma Scar amuponya pansi pa phompho ndipo afa. Kenaka Scar auza kamwanako kuti ndiko kaphetsa atate ake. Simba athawira kuchilendo, aleredwa ndi njiri dzina lake Pumbaa ndi kanyama konga msulu dzina lake Timon, nakula akuyesetsa kuiwala kwawo. Potsiriza bwenzi lake la paubwana Nala ndi nyani wokalamba Rafiki amubweza mtima. Abwerera, apeza dziko lauma, nyama zathawa, mafupa ali mbwee. Alimbana ndi Scar, Scar aphedwa ndi afisi ake omwe, mvula igwa ndipo dziko liphukanso.

Ndikukumbukira kuti pamene Simba anaima ndi kuyang'ana dziko louma lija, phokoso lonse m'kanyumbamo linatha. Kumbuyo kunali abambo angapo amene analowa pongobisala mvula, ndipo mmodzi anangoti, "Ndi mmene tinapezera kwathu." Womasulira uja naye anasiya nthabwala. Kuchokera tsiku limenelo ndinkamutenga kanemayu ngati wathu, wa ife obwerera.

Chaka chino ana anga awiri anandiumiriza kuti tionere gawo lachiwiri, The Lion King II: Simba's Pride, limene linatuluka mu 1998. Musalisokoneze ndi makanema atsopano aja, wa 2019 ndi wa Mufasa wa 2024, amene mikango yake imaoneka ngati yeniyeni. Ili ndi gawo lojambulidwa ngati loyamba lija. Ndinakhala pansi monyinyirika, chifukwa ndinali nditamva kale kuti ndi lotsika.

Ndipo pa luso, ndithu ndi lotsika, sindibisa. Gawo loyamba linakonzedwera nyumba zikuluzikulu za kanema. Kachigawo ka nyumbu kaja, kamene sikakwana ndi mphindi 3 zomwe, kanawatengera akatswiri zaka zoposa 2 akugwira ndi makompyuta. Nyimbo zake zinapekedwa ndi Elton John ndi Tim Rice, zoimbira zinakonzedwa ndi Hans Zimmer, ndipo mu 1995 zinapata mphoto 2 za Oscar. Liwu lija lofuula m'Chizulu dzuwa likamatuluka ndi la Lebo M wa ku Soweto, ndipo Mufasa analankhulidwa ndi malemu James Earl Jones, amene anamwalira mu 2024. Gawo lachiwiri linapita molunjika pa matepi a vidiyo, ndipo zimaonekera. Mitundu yake ndi yofooka, nyama pa chithunzi ndi zochepa, nthabwala za Timon ndi Pumbaa zikungobwereza zakale. Lebo M akutsegulanso bwino, koma nyimbo zinazo simungamve ana akuziimba pobwera ku chitsime. Mukanandifunsa pa wailesi kuti wabwino ndi uti, ndikanayankha osaganiza kawiri kuti woyamba.

Koma kanemayo atatha, ana atagona, ine tulo sitinabwere.

Gawo lachiwiri likuyambira pamene loyamba linathera. Simba tsopano ndi mfumu ndipo ali ndi mwana wamkazi, Kiara. Kunja kwa malire kuli mikango ina imene Simba anaipirikitsa chifukwa inali kumbali ya Scar. Ikukhala kouma, kopanda chakudya, ndipo mtsogoleri wake ndi mayi wotchedwa Zira. Mayiyu akulera mwana wake Kovu ndi cholinga chimodzi, kuti akakula adzaphe Simba. Kovu sanaberekedwe ndi Scar, anangosankhidwa naye kukhala wolowa m'malo, koma dzina lake lomwe ndi katundu, pakuti m'Chiswahili kovu ndi chipsera, tanthauzo lomwelo la dzina la Scar m'Chingerezi. Kiara ndi Kovu akumana ali ana, apulumukira limodzi ku ng'ona, makolo awalekanitsa, ndipo atakula akondana.

Apa ndi pamene Simba, ngwazi yathu ya mu 1999, ikusanduka munthu wovuta. Sakhulupirira mnyamatayo. Usiku amalota imfa ya atate ake, ndipo m'malotomo nkhope ya Scar imasanduka ya Kovu. Zira atamutchera msampha, Simba sakufuna kumva kuti Kovu sanadziwepo kanthu, angomuthamangitsa pamaso pa nyama zonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 anakwiya nati, "Ababa, Simba wayipa bwanji tsopano?" Ndinamuuza kuti sanayipe, akuchita mantha. Ndinangomaliza kunena mawuwo ndi kuzindikira kuti ndikunena za anthu a m'nyumba mwathu.

Mwana wa achemwali anga, msungwana wa zaka 22, wapeza mnyamata wofuna kumanga naye banja. Ndi mlimi wolimbika wa mudzi woyandikana ndi wathu, sakumwa, ndipo palibe amene wamunenerapo choyipa. Vuto ndi bambo ake. Nthawi ya nkhondo iwo anali mnyamata wonyamula mfuti, ndipo mayi anga amanenetsa kuti anali m'gulu limene linabwera usiku umodzi, kutenga ng'ombe za agogo ndi kutentha nkhokwe. Usiku womwewo mchimwene wa mayi anatengedwa kukanyamula katundu ndipo sanabwererenso. Sindinena kuti gululo linali la mbali iti, pakuti inu a m'malire muno mukudziwa kuti misozi inagwa kuchokera ku mbali zonse. Nkhani ya ukwatiyi itawapeza mayi, anangoti, "Mlandu suwola," ndi kulowa m'nyumba. Ine ndine malume wa msungwanayo, mawu a ku chinkhoswe ayenera kudzera mwa ine, ndipo kwa miyezi 3 ndakhala ndikuzemba ponamizira ntchito.

Dziko lathu linasankha njira yake pa nkhani zotere. Mu Okutobala 1992 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nkhondo. Asilikali anabweza mfuti, ambiri anasambitsidwa ndi asing'anga kapena kupemphereredwa m'matchalitchi, nabwerera kukagwira khasu. Tinavota mu Okutobala 1994, ndipo tinagwirizana mosalankhula kuti zakale tisazifukule. Njira imeneyo inatithandiza kugula pa msika umodzi ndi kutunga pa mjigo umodzi. Koma kugulana tomato ndi kwina, kupatsana mwana ndi kwina. Ana amene anabadwa mfuti zitaleka kulira akula tsopano, akukumana ku sukulu, ku mpira ndi ku kwaya, ndipo akutifunsa funso limene ife tinaliika pansi pa mphasa.

Ichi ndicho chimene gawo lachiwiri lili nacho chimene loyamba lilibe. Gawo loyamba likuthera pa tsiku lobwerera, mvula ikugwa, aliyense akusangalala. Woyipa ndi mmodzi, wafa, basi. Gawo lachiwiri likufunsa za m'mawa mwake: nanga amene anali kumbali inayo apita kuti, ndipo ana awo alakwa chiyani? Mwana wanga wamwamuna anaona chinthu chimene akuluakulu ambiri amadandaula nacho pa kanemayu. Anati, "Nanga Zira ndi anzakewa anali kuti m'gawo loyamba? Sitinawaone." Akunena zoona, olemba anangowatulutsa ngati bowa. Koma ine ndinaganiza kuti ngakhale ife pofotokozera ana za kubwerera kwathu, anthu a mbali inayo sitiwatchula. Timakamba ngati mudzi unali wopanda anthu, chonsecho iwo anali pomwepo, nawonso akufolera nyumba zawo.

Pali malo awiri m'kanemayu amene sakundichoka m'mutu. Poyamba, Simba akuyenda ndi Kovu pa lupsa, nafukula phulusa ndi phazi kumuonetsa kamsipu kakuphuka pansi pake. Mlimi aliyense wa kuno akudziwa chimenecho popanda womasulira. Kachiwiri ndi pa nkhondo yomaliza. Mvula ikugwa, mikango ya mbali zonse yadzola matope, ndipo Kiara aima pakati ndi kufunsa atate ake ngati akuona kusiyana kulikonse. Woyamba kuwoloka kusiya nkhondo ndi Vitani, mwana wamkazi wa Zira yemweyo. Zira yekha akana. Ali lende pa phompho, madzi osefukira ali pansi, Kiara amutambasulira dzanja, koma iye salilandira ndipo agwa.

Pamenepo ndiye ndikutsutsana ndi kanemayu. Akumuonetsa Zira ngati mfiti yopanda chifukwa, ndipo akuthetsa vuto pomugwetsera m'madzi. Kwathu kuno sizitha choncho. Amene akukana ukwati si mfiti, ndi mayi anga, amene anandibereka kumsana pa mzere wolandira ufa, amene mpaka lero sadziwa pamene pali manda a mlongo wawo. Sindingawauze kuti aiwale chifukwa choti ndaonera zidole. Ndiponso kanemayu akuyanjanitsa mikango ndi mikango inzake basi. Afisi aja, amene m'gawo loyamba ankadandaula njala, palibe amene akuwaitana ku chiyanjano. Ngakhale ku Disney kukhululuka kuli ndi malire ake.

Sabata yatha ndinakwera njinga yamoto kupita kumudzi. Ndinawapeza mayi akusankha nyemba pakhonde, ndipo ndinakhala pansi ndi kuwathandiza. Za kanema sindinatchule, akanandiseka. Ndinangowafunsa kuti, "Amayi, mnyamatayu anabadwa chaka chanji?" Anati sakudziwa. Ndinawauza kuti 2000, nkhondo itatha zaka 8. Anakhala chete nthawi yaitali, manja akugwirabe ntchito. Kenaka anayamba kundifotokozera za malume anga aja, mmene ankaimbira ng'oma, mmene ankawaperekezera ku chigayo, zinthu zimene sanandiuzepo chibadwire changa. Ndinamvetsera mpaka dzuwa linapendeka. Ndikutsanzika anati, "Mwana wanga, bambo akewo sindifuna kuwaona pakhomo pano. Koma mwanayo abwere ndimuone nkhope."

Sanavomere ukwati, ndipo sindikudziwa ngati adzavomere. Mnyamatayo abwera Loweruka likudzali, ndipo ine ndidzakhalapo, kuzemba ndaleka. Achemwali anga ayamba kale kudandaula kuti aphike nkhuku kapena nyemba, poopa kuti nkhuku ingaoneke ngati tavomera.

Tsono mukandifunsa lero kuti wabwino ndi uti, ndinenabe kuti woyamba ndiye wokoma m'maso ndi m'makutu, ndipo ngati muli ndi mpata woonera mmodzi yekha, onerani ameneyo. Koma inu amene muli ndi ana osinkhuka, amene ayamba kuchedwa pobwera ku msika, funani wachiwiriyo muonere nawo limodzi, ndipo mukatha muwafunse kuti iwo akuganiza bwanji za Simba. Yankho lawo mulimvetsere bwino.

Za Loweruka ndidzakuuzani zikatheka. Tsalani bwino, tikumana pa wailesi.