Pamene Mawu a Munthu Anali Chikole

Ana anga, inu amene lero mumasainira pepala la kampani musanafese n'komwe nazale, senderani kuno ndikuuzeni mmene tinkalimira fodya ife tili anyamata kuno ku Dowa. Masiku amenewo fodya wa bale anali wa eni maesiteti okha. Ife a m'midzi tinkalima wachikopa, uja wofukiza ndi utsi wa nkhuni mpaka kuda bii, fungo lake lokakamira m'malaya ngakhale mayi ako achape chotani, ndipo wogula anali mmodzi, ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Mtengo unali wochepa, zimenezo sindingabise, koma sikelo inkafika pafupi ndi mudzi.

Ngongole inalipo, koma inkadzera kukalabu. Alangizi ankafika pa njinga, ife titakhala pansi pa kachere, n'kulemba mayina a ofuna mbewu ndi feteleza, ndipo lamulo linali lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse isalandire kanthu chaka chotsatira. N'chifukwa chake mnzathu akadwala nthawi yopalira tinkalawira m'mamawa ndi makasu kukagwira m'munda mwake, akazi athu n'kukamusokera masamba pamikangala, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo manyazi a munthu mmodzi anali manyazi a mudzi wonse. Chikole chathu sichinali munda kapena ng'ombe ayi, chinali dzina la munthu pamaso pa anyakwawa. Chilala cha 1992 ndi mphepo ya ndale imene inatsatira ndi zimene zinagwetsa dongosolo lokomalo.

Bale atatsekulidwa kwa alimi ang'onoang'ono cha m'ma 1990, tinayamba kudinda mabelo pajeke n'kuwaperekeza ku okushoni ku Kanengo, kumene ogula ankayenda mumzere akulimbirana mtengo, iwe mtima uli phaphapha. Chaka china unkabwerako ndi malata, china ndi misozi. Ndiye boma litavomereza mu 2012 kuti fodya wochuluka azigulidwa pa mgwirizano, ambiri tinaomba m'manja: kampani ikupatsa mbewu, feteleza, mankhwala ndi mbande za mitengo, ikutumizira mlangizi wake, ndipo ukudziwiratu kuti wogula alipo. Zokolola zinakweradi, tsamba n'kukongola.

Koma walira mvula walira matope. Tsiku logulitsa, ngongole ndiyo imayamba kudulidwa, kenako thiransipoti ndi zina zambirimbiri, ndipo amene amanena giredi ya tsamba lako ndi wogula yemweyo amene uli naye ngongole. Mvula ikadula mu Januwale pepala silisintha. Chilala chimagwera mlimi yekha. M'pamene mumaona mwana wa munthu akutulutsa belo usiku kukagulitsa kwa mavenda, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kampani nayo ikamva imamufufuta m'kaundula, onse awiri n'kutayana.

Ndikumva kuti popeza osuta akuchepa kumaiko a azungu, makampani omwewo ayamba kulembetsa alimi a mtedza ndi soya. Ndi bwino ndithu, nyemba zimabwezera chonde m'nthaka imene fodya anaigugitsa. Koma musakasaine aliyense payekha, ana anga. Pitani monga kalabu, wina wodziwa kuwerenga awerenge mokweza mtengo wa giredi iliyonse ndi zonse zodzadulidwa, mufunsenso kuti chaka cha chilala ngongoleyo idzasenzedwa ndi yani, ndipo pasikelo pakhale munthu wanu.