Tsiku limene laputopu inafuna kundisandutsa wakuba

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mafayilo a mu kompyuta. Musathawe, si kalasi ayi. Ndikufuna mumve m'mene ndinatsalira pang'ono kutchedwa wakuba kwathu kuno ku Mtsiliza.

Ine ndine mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde. Tilipo anthu 24, ambiri ndi amayi ogulitsa tomato, makala ndi mandasi, ena amagwira maganyu ochapa ku Area 47. Anandisankha chifukwa ndili ndi laputopu. Koma mukamva kuti laputopu musaganize zapamwamba. Ndi yogula yakale, batire inafa kalekale, imayaka pokhapokha ili pamagetsi. Kope la gulu lilipo ndithu, koma kuyambira mu June ulesi unandigwira. Masheya ndi ngongole ndimangolemba mu Excel, za kope n'kumati ndikopera mawa. Mawalo silinafike.

Mu Disembala, kutatsala masiku 3 kuti tigawane ndalama, Windows inayamba kudzikonza yokha usiku, zija amati update, italemba pa sikirini kuti musazimitse. Magetsi sawerenga zolemba pa sikirini. Anazima, laputopu nayo pompo zii. Kutacha inayaka bwinobwino, koma ndikadina Excel, kanthu kaja kamangozungulira kenako n'kusiya. Word chimodzimodzi. Nthawi zina pamatuluka kabokosi konena kuti fayilo ina yothera ndi .dll yasowa.

Ndinapita kukawauza a tcheya. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. “Achimwene, kompyutayi chaka chonse inali bwino, yadwala Disembala yemweyu?” Sindinawaimbe mlandu. Inunso mukudziwa nkhani za alembi ndi asungichuma amene foni zawo zimasiya kupezeka mwezi wogawana ukafika. Ndikanakhala ine pampando pawo, ndikanafunsa zomwezo.

Ndinathamangira kwa mnyamata wina wobena nyimbo pamsika. Sanachedwe: “Biggie, iyi ndi yofomata basi.” Kufomata ndiko kufufuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Ndinanyamula laputopu yanga n'kubwerera. Usiku umenewo nsima sinatsike.

Anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene akuphunzira za makompyuta ku koleji. Atamva nkhani yonse anaseka pang'ono. “Malume, ufa wanu uli bwinobwino. Chathyoka ndi mthiko.” Anandifotokozera kuti mu kompyuta muli mafayilo a mitundu iwiri. Pali anu, monga makalata, zithunzi ndi kaundula wa gulu uja. Ndiye pali a Windows mwini wake, ambiri amakhala mu foda yotchedwa System32. Mapulogalamu amabwereka mafayilo amenewa kuti ayake, ndiye imodzi ikawonongeka, mapulogalamu angapo amagwa limodzi ngakhale kuti zolemba zanu sizinakhudzidwe. Magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba fayilo yotere, imatsala yolembedwa theka. Mavairasi a m'mafulashi ndi hadidisiki yokalamba zimachitanso zomwezo.

Choyamba anakopera kaundula uja pa fulashi, n'kumutumizanso pa foni yake n'kumutsegula pomwepo. Mayina onse 24, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, zonse zinalipo. Abale, ndinakhala pansi. Masiku awiri ndakhala ndikulira maliro a munthu wamoyo.

Tsopano mvetserani m'mene anakonzera, mwina tsiku lina zidzakuthandizani. Anafufuza Command Prompt, n'kuitsegula posankha Run as administrator, chifukwa popanda kutero kompyuta imakana. Pa sikirini yakudayo analemba sfc /scannow n'kudina Enter. Kameneka ndi kachida ka mu Windows momwemo, sikogula. Kamayendera mafayilo a Windows imodziimodzi, kakapeza yowonongeka kamaichotsa n'kuikapo yabwino kuchokera m'nkhokwe imene Windows imasunga. Titadikira mpaka 100%, kanatiuza kuti kapeza owonongeka koma ena kalephera kuwakonza. Mtima unagundanso.

“Ndiye kuti nkhokwe nayo yafumbwa,” anatero mtsikanayo. Analemba lamulo lina lalitali: DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth. Limeneli limakonza nkhokweyo potenga mafayilo abwino kwa Microsoft kudzera pa intaneti, ndiye panafunika bandulo. Ndinagula, tinalumikiza laputopu ku foni. Poopa kuti magetsi angatichitenso chipongwe, tinakachitira kwa aneba amene ali ndi sola ndi inveta. Manambala aja anafika pena n'kuima ngati minibasi yodikira anthu pasiteji. Ine ndimafuna kuzimitsa n'kuyatsanso, iye anandigwira dzanja: “Malume, musayerekeze, ikugwira ntchito.” Itamaliza anabwereza sfc /scannow, ulendo uno inati yakonza. Tinazimitsa, tinayatsa, ndinadina Excel. Inatseguka.

Anandichenjezanso zinthu ziwiri. Vuto likamabwerabwera, mwina hadidisiki ikufa, muiyeze ndi chkdsk ndipo muyambe kusunga ndalama ya ina. Komanso musamatole mafayilo a .dll pa masamba a pa intaneti osadziwika, ambiri amabwera ndi mavairasi.

Tsiku logawana ndinasindikiza mapepala, aliyense anaona mzere wake, aliyense analandira zake mpaka tambala yomaliza. A tcheya sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepese. Anangoti, “Achimwene, chaka chamawa kope likhale patsogolo, makina pambuyo.” Amayi onse anavomera.

Ndaganizira kwambiri mawu amenewo. N'kosavuta kunena magetsi, kapena laputopu yakale. Koma wolakwa ndinali ine, amene ndinaika thukuta la anthu 24 pamalo amodzi, pa makina opanda batire, popanda wina wodziwa pamene lili. Mafayilo a Windows ali ndi nkhokwe yake yokatengako ena. Kaundula wathu analibe.

Inu alembi anzanga a m'gulu lino, amene muli ndi ndakatulo ndi nthano za zaka zambiri mu laputopu imodzi kapena mu foni imodzi, kodi zili penanso? Ine pano Lamlungu lililonse tikaweruka ndimalemba m'kope anthu akuona, kenako fayilo ndimaitumiza pa WhatsApp kwa msungichuma ndi kwa a tcheya. Batire sindinagulebe, ndiye update ikayamba ndimanyamula laputopu kupita kwa aneba a sola aja.