V6 ya aneba

Aneba athu kuno ku Gulliver atulutsa Harrier ya ku Japan, ija ya V6, injini 3.0. Ikalira m'mawa ngakhale agalu amakhala chete. Ndinawanong'oneza kale kuti ya 2.4, ya masilinda anayi, imakwana pa ulendo wochoka ku Area 49 kupita m'tauni, koma iwo amvekere "mphamvu achimwene, mphamvu!" Mphamvu yanji pa jamu ya ku Area 18, galimoto ikukwawa ngati kamba, AC ili choyatsa, masilinda sikisi onse akumwa petulo chiimire? Lero ndawapeza pa siteji akudikira minibasi, makiyi a Harrier akulendewera pa lamba. Akuti yapuma kaye mpaka malipiro alowe. Ndawalipirira ndine.