ZA MOTO NDI MADZI KU MINDA YA TIYI YA KU THYOLO

Munthu akachoka ku Limbe nadzera pa Bvumbwe, posachedwa amalowa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo. Kuno nkumtunda, ndipo mu June ndi July kumagwa chiperoni, mvula yowaza ya mphepo yolowa m'mafupa. Womanga nyumba kuno ayenera kuyamba waganiza za moto ndi madzi.

Ku Satemwa, munda umene Maclean Kay anauyamba mu 1923, ndi ku minda inanso, mudzaona bulugamu wambiri pambali pa tiyi. Mitengoyo ndiyo nkhuni zoumitsira tiyi m'fakitale. Akadula mbali imodzi, mbali ina ili kuphukira. Alinso ndi madamu osungira madzi a dzinja. Koma kwezani maso ku phiri la Thyolo. Nkhalango yake inadulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo amayi a m'midzi yozungulira amavutika kupeza nkhuni.

Tsono inu alimi, tengerani nzeru ya mindayi. Bzalani mitengo m'malire, koma bulugamu musamuike pafupi ndi kasupe chifukwa amamwa madzi ambiri. Mafuwa atatu amataya moto ku mphepo. Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa, ngakhale mapesi a nandolo, ndipo dongolo limafundabe moto utazima. Matani ming'alu ya zipupa kuti mphepo isalowe. Chenjerani: musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.

Kunena za madzi, mipopi yotsika yokha kuchokera kuphiri, imene inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, siifuna injini, koma imadalira mitengo ya kumene madziwo achokera. Kumene kulibe mpopi kapena mjigo, denga la malata likuthandizani. Mvula ya milimita imodzi pa denga la mita imodzi mbali zonse ipatsa lita imodzi. Motero denga la mamita 6 m'litali ndi 5 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 1,000, ligwetsa malita 30,000. Ikani ngalande ndi thanki yovundikira, ndipo madzi a mvula yoyamba muwataye. Akumwa muwawiritse kapena kuthiramo klorini; kolera ya mu 2022 ndi 2023 tisaiiwale.

Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Bzalani mitengo yanu dzinja likudzali, ndipo wofuna mbande afunse mlangizi wa kwao.