Chisanu cha ku Nyika Sichiona Nkhope

Ife a kuchigwa tikamva kuzizira m'mwezi wa June, timangoponya juzi paphewa n'kumapita. Ku Nyika zimenezo sizikwanira. Malo ambiri paphiripo ndi okwera mamita oposa 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. M'miyezi ya June ndi July, udzu wa ku Chelinda umacha utayera mbuu ndi chisanu.

N'chifukwa chake ndikamapita ndi banja langa kapena achinyamata a mumpingo, ndimayesa chipata cha Thazima malo ofunsirapo mafunso otsiriza. Chipatachi chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa boma la Rumphi, ndipo kuti mukafike ku Chelinda mumayendanso ena pafupifupi 60 pamsewu wafumbi. Mafuta opita ndi obwerera thirirani ku Rumphi, ndipo tayala lapadera likhale ndi mpweya. Choiwalika kumunsi simukachipeza kumtunda.

Funso loyamba ndi la zovala. Malaya atatu opepuka, ovala mosanjikiza, amafunditsa kuposa chijasi chimodzi, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pawo ndiwo umasunga kutentha. Mukatuluka thukuta pokwera chitunda, vulani amodzi, pakuti chovala chonyowa chimaba kutentha kwa thupi. Mwana aliyense ndimamuona ndi maso anga kuti ali ndi chipewa, masokosi apadera ndi jekete yotchinga mphepo. Ana ndi okalamba ndiwo amazizidwa msanga. Wina akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mosokonekera kapena kuodzera, musati watopa chabe. Msintheni zonyowa, m'funditseni, ndipo ngati akutha kumeza, m'mwetseni chakumwa chofunda cha shuga, kwinaku mukuitana thandizo.

Pali mabodza awiri amene ndimalimbana nawo pa ulendo uliwonse. Loyamba ndi lakuti mowa umatenthetsa. Umangokankhira magazi kukhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene m'kati akuzizirabe. Ife timanyamula fulasiki ya madzi otentha othira ndimu ndi uchi, mtedza wokazinga, nthochi ndi mbatata. Lachiwiri ndi lakuti mbaula ingagone nanu m'hema kapena m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Otherani moto panja, ndipo pogona dalirani bulangete.

Masana mdani amasintha. Kumtunda dzuwa limawotcha khungu ngakhale mphepo ikuzizira, ndipo ludzu silimveka, choncho imwani madzi musanawafune. Nkhungu nayo imatsika mwadzidzidzi, zitunda zonse n'kufanana ngati mazira. Musayende wapansi popanda wolondolera wa m'nkhalangomo. Amadziwa njira, amadziwanso kumene kuli njovu ndi akambuku.

Wina angafunse kuti, ndi zovuta zonsezi, bwanji osangokhala kunyumba? Yankho langa ndi zimene maso amaona kumeneko. Nkhalangoyi, imene inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo ndi yaikulu kuposa zonse m'Malawi, ili ndi mbidzi, ntchefu ndi achilembwe oyenda poyera ngati ng'ombe kudambo. Pa nyanja yaing'ono ya Kaulime pali bata loti munthu amamva kupuma kwake. Mpweya wabwino, dzuwa, madzi, kuyenda ndi kupumula, zimene timaphunzitsana kutchalitchi, kumeneko zili pamodzi.

Ndimakonda kudutsa pa Thazima Lachisanu m'mawa, kuti dzuwa likamalowa tikhale titafika, taphika ndipo tayala pogona. Sabata likapeza ana ali ofunda ndi okhuta, nyimbo imatuluka yokha, ndipo palibe amene amafunika kumuuza kuti zonsezi zili ndi Mwini wake. Thupi limene tikwere nalo phiri ndi mphatso yake. Tiyeni tikatsike nalo lili bwino.