Za Ntchito ya Kuyendetsa Lole, ndi Umo Ndinailowera

Abale ndi alongo a m'midzi, makamaka inu okhala m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, mudziwa bwino kulira kwa malole usiku, ndipo ine ndidziwa chimene ambiri a inu muganiza za anthu owayendetsa. Muti ndiwo anthu a ndalama zambiri, osakhazikika pa banja, osadziwa tsiku la Mulungu. Sindikana kuti alipo otere. Koma popeza ndine mmodzi wa oyendetsawo, ndiponso ndine wa mumpingo monga inu nomwe, ndati ndilembe umo ndinalowera ntchitoyi, kuti poweruza muweruze mutamva mbali zonse ziwiri.

Kunyamula katundu wa eni si chinthu chachilendo kwa ife. Agogo anga aamuna anali a mtengatenga, nasenza akatundu pamutu masiku aja fodya anayamba kuchuluka m'dziko la Lilongwe, atafika Bwana Barron ku Mbabzi m'chaka cha 1920. Pambuyo pake malole analanda ntchito ya mitu ya anthu, ndipo njanji itafika ku Salima mu 1935, fodya ankapita kumeneko pa galimoto. Inenso ndinayamba ndi msana. Ndinachoka kumudzi mu 2012, ndi kukhala ku Mgona, mudzi wothithikana umene uli pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo zaka zambiri ndinali kukweza mabelo a fodya ndi matumba a soya m'malole a anthu. Pokweza ndinali kupenyetsetsa oyendetsa, umo abwezera m'mbuyo ngolo yaitali pa chipata chopapatiza, ndipo mtima wanga unakhumba nzeru imeneyo. Mkazi wanga ndiye ananditsimikiza mtima. Iye anali kugulitsa mandasi, nasonkha ndalama ku banki mkhonde, ndipo ndi ndalama zomwezo ndinaphunzira, ndi kulandira laisensi ya C1 mu 2021, ndiyo ya malole aang'ono. Tinapangana kuti ndikwere kufikira EC, ndiyo ya malole okoka ngolo.

Koma iye sanaone tsiku limenelo. Nthenda ya kolera, imene inabuka m'dziko muno mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700, inalowa m'midzi ya mumzinda ndi mvula. Mu Januwale 2023, mwezi womwe boma linachedwetsa kutsegula sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha nthendayo, mkazi wanga anadwala madzulo, namwalira dzuwa la mawa lake lisanalowe. Inu mudziwa umo tisungira maliro kwathu: amayi agona m'siwa, adzukulu akumba manda, nyimbo ziimbidwa usiku wonse. Maliro a kolera satero. Thupi analikonza a zaumoyo, ndipo tinaika msanga, anthu ataima patali. Ndinatsala ndi ana atatu, wamng'ono wa zaka ziwiri.

Pamenepo panali njira ziwiri. Akuluakulu a kwathu anati, Bwera kumudzi, munda ulipo, ana akule pakati pa abale. Mawuwo anali achikondi, ndipo sindiwanyoza. Koma mundawo ndi wochepa, tidyapo mabanja anayi, ndipo wopanda feteleza subala kanthu. Njira inayo inali kutsiriza chimene tinayamba awiri. Amayi anga, okalamba kale, anasiya nkhuku zawo ndi dimba lawo, nadza ku Mgona kudzasunga adzukulu. Ndipo amayi a Chigwirizano a mumpingo mwathu anagawana masiku a kuwazonda. Pakadapanda amayi amenewa, bwenzi nkhaniyi itathera pano. Ndalama za sukulu ya EC ndinazipeza pogulitsa njinga ndi makina osokera a malemu. Ku katapila sindinapite, pakuti ndaona amuna ambiri ku Kanengo amene khadi lawo la ku banki ligona m'thumba la munthu wina.

Tsono musayese kuti laisensi ndiyo ntchito. Mwini lole sapereka chuma chake kwa munthu chifukwa cha khadi lokha. Afuna chilolezo china chotchedwa PrDP, cha oyendetsa katundu wa malonda, afuna pasipoti, afunanso zaka za kuzolowera. Ndipo zakazo udzazipeza kuti, ngati palibe wokuyambitsa? Chifukwa chake ndinakhala miyezi isanu ndi umodzi ndili wothandizira wa dalaivala wina wachikulire, Msilamu wa ku Mangochi, munthu wofatsa, amene anandiphunzitsa zimene sukulu siphunzitsa. M'mamawa aliyense anali kuzungulira lole ndi chitsulo m'manja, nagogoda matayala limodzi limodzi, namvetsera kulira kwake, nakhudza manati, natsegula timipopi ta pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke. Pakuti mabuleki a lole yaikulu agwira ndi mpweya, ndipo munthu akamaponda kawirikawiri potsetsereka, mpweya uchepa, zitsulo zitentha, ndipo lole ya matani 30 isanduka mwala wogubuduka paphiri. Anati giya yotsikira uisankhe usanayambe kutsika, ukadali pamwamba, pakuti pakati pa chitsetso sudzaipezanso. Mitanda ndi zigoba za magalimoto zimene muona m'mbali mwa misewu, zambiri zinena nkhani imeneyi.

Ulendo wanga woyamba wa ndekha unali wa ku Beira, mu Novembala 2023, kukatenga feteleza ku doko. Njirayo ndi ya makilomita pafupifupi 1,000. Utuluka pa Kanengo, ulipira pa chipata cha Kalinyeke, uoloka malire pa Dedza kulowa ku Calomue, nupita m'dziko la Angonia, kumene anthu alankhula monga ife ndipo mlendo sasowa wom'funsa njira. Utsikira ku Tete, kumene kutentha kwake munthu wa ku mapiri sangakukhulupirire, nuoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Ndipo upitirira pa Changara, Chimoio ndi Inchope kufikira kunyanja ya mchere. Kuyendako sikutopetsa kwenikweni. Chotopetsa ndicho kudikira: pa malire, pa sikelo, ndi pa doko, pamene ukhoza kugona masiku ambiri pa mzere, uli kuphika nsima pansi pa ngolo. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nditi anali kunena za doko la Beira.

Mwezi womwewo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Ndalama ya kamba imene ndinalandira pochoka inafota m'thumba, posintha kukhala ndalama ya ku Mozambique. Ndipo kunyumba ufa, sopo ndi makala zinakwera pamodzi. Ndili pa mzere, amayi anandiimbira foni kuti mwana wamng'ono watentha thupi, ndi kuti mwini nyumba wabwera kawiri.

Apa ndipo pagona yeso lalikulu la ntchito yathu, loposa lija la akazi a m'njira limene inu mukonda kulinena. Pansi pa mpando wa dalaivala pali matanki a dizilo wa malita mazanamazana, ndipo paliponse pamene lole iima usiku pafika anyamata ndi zigubu ndi kapaipi, nanena mofatsa, Bwana, tipungule pang'ono, mwini wake sadzadziwa. Zigubu ziwiri zikadalipira nyumba ndi mankhwala usiku womwewo. Ndinena zoona, mtima wanga unawerenga ndalamazo kufikira tambala yotsiriza. Sindinagulitse; koma sindidzitama nako, pakuti chondigwira dzanja sichinali mphamvu yanga yokha. Ndinali nawo anthu oti ndiwaimbire. Ndinaimbira mkulu wa mpingo wa ku dera lathu, ndipo m'mawa mwake iye anapita yekha kukalankhula ndi mwini nyumba, ndipo mayi wina wa Chigwirizano anabereka mwanayo kunka naye kuchipatala. Anali malungo, ndipo anachira. Dalaivala amene anaima pambuyo panga pa mzere womwewo anali ndi mavuto onga anga, koma analibe wina womuimbira, pakuti mpingo wa kwawo unam'fafaniza kale m'buku chifukwa cha kusaoneka masabata ambiri. Iye anapungula. Ine sindimuyesa woipa kundiposa.

Chifukwa chake ndili nalo pempho kwa akulu a mipingo. Munthu wa pa msewu sakhoza kulonjeza kuti adzakhala pa benchi Lamulungu lililonse, pakuti sitima ya panyanja ndi mabwana a pa malire sadziwa kalendala ya mpingo. Musafulumire kum'lemba m'gulu la otayika. Mufunseni tsiku limene adzakhala pakhomo, ndipo mukam'chezere tsiku lomwelo, lingakhale Lachiwiri. Mgonero ukayandikira, mum'dziwitse nthawi ikadalipo, kuti apemphe kwa bwana wake. Ndipo koposa zonse, pitani mukaone ana ake iye ali kutali. Eni malole nawonso ndiwauza kuti kamba wosakwana ndiye aboola matanki, koposa akuba.

Tsopano ndasamuka ku Mgona, ndipo tikhala ku Area 25, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mpopi pabwalo. Mpopiwo ndinaufunafuna dala, ndipo mudziwa chifukwa chake. M'mwezi ndigona pakhomo masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Wamng'ono uja anayamba wandithawa pofika ine, nabisala m'chitenje cha agogo ake, koma tsopano azindikira mapazi anga. Wamkulu, wa Sitandade 7, asunga kabuku m'mene alemba maina a malo amene ndimuuza pa foni, ndipo sabata yatha anandifunsa ngati Zambezi aposa Lilongwe kukula. Ndam'lonjeza kuti pa tchuthi ndidzapempha chilolezo kuti akwere nane kufikira pa Dedza, ndipo adzabwerera pa minibasi pamodzi ndi amalume ake.